Tsiku Limene Ndinasanduka Mdzukulu wa a Mbewe

Ana inu, Thoko, Mphatso ndi iwe Lindiwe, ndikudziwa kuti mumandiseka. Loweruka likafika, ndikangotulutsa jekete yanga yakuda ija, mumatsinana n'kumanong'ona kuti mkhulu apezanso maliro ena. Mkhulu. Ngakhale dzina loti agogo munalitaya. Sindikukwiya ayi. Munabadwira kuno ku Durban, ndipo Chichewa mumachivula pachipata cha sukulu ngati nsapato zamatope. Ifenso akuluakulu timatero tikakwera takisi, timangoti yebo, yebo, kuopa kuti wina angatifunse kwathu. Koma izi ndalemba m'Chichewa dala, kuti muvutike nazo pang'ono. Pamene pakukanikani mukafunse agogo anu aakazi.

Iwe Thoko unandifunsa, maliro a mnzako wa kusukulu uja atachedwa chifukwa makolo ake analibe kanthu, kuti munthu akamwalira abale ake ali osauka, amalipira ndani. Ndinakuyankha kuti Mulungu amaona, iwe n'kundiyang'ana ngati ndakuzemba. Sindinakuzembe, koma yankholo linafupika. Lalitali ndi ili.

Kwathu ku Ntchisi, ine ndili mnyamata, funso limenelo kunalibe. Sikuti tinali olemera. Malaya ndinali nawo amodzi, ndikachapa ndinkakhala kumtsinje mpaka aume. Koma munthu akamwalira, uthenga unkayenda ndi miyendo mudzi ndi mudzi, anyamata n'kuthyola nthambi kuyala pamsewu kuti wodutsa adziwe. Wapanjinga ankatsika, wachipewa ankavula. Amayi ankafika aliyense ndi kambale ka ufa ndi mtolo wa nkhuni. Agogo anga anawakulunga m'mphasa. Bambo anga, chitseko cha nyumba yawo yomwe ndicho chinasanduka bokosi. Kalipentala wa m'mudzi anachizula, nachipala, nawongola misomali yakale pamwala, ndipo ife tinagona ndi chitseko cha mapesi mpaka kukolola. Kutalika kwa manda tinkayeza ndi bango. Malo sankagula. Nkhalango ya kumanda inali ya mudzi wonse, ndipo munthu wobadwa lero malo ake analipo kale.

Ndiye panali adzukulu. Apa Mphatso usiye foni, umvetsere. Mawu amenewa inu mumadziwa tanthauzo limodzi lokha, la inu nomwe, ana a ana anga. Koma kwathu adzukulu ndi anthunso amene amagwira ntchito ya pamaliro: kusambitsa mtembo, kukumba manda, kunyamula, kukwirira. Sakhala a m'banja lofedwa. Ofedwawo ndi eni maliro, ntchito yawo ndi kulira ndi kupeza chodyetsa anthu. Adzukulu amachokera ku banja lina kapena mudzi woyandikana, ndipo salira, amaseka. Nkhuku ikadutsa pafupi ndi yawo. Amanyoza womwalirayo kuti anali waumbombo, amatsanzira kayendedwe kake, mpaka wamasiye amaseka misozi ili m'masaya. Ine ndinayamba kukumba ndevu zisanamere bwino, ndi khasu lotha la mpini waufupi, loti utha kuligwedeza uli m'dzenje. Mdzukulu satulutsa ndalama. Amapereka msana wake, basi.

Kuno ndinabwera mvula itatikana, amayi ako Thoko, a Esnati, ali pamsana. Basi inadzera ku Mwanza, ku Tete kotentha ngati mbaula, n'kuboola Zimbabwe yense. Agogo anu anandimangira chigumu ndi mtedza wokazinga m'kansalu, ndipo ndinkadya pang'onopang'ono ngati mankhwala. Inu mukamadandaula kuti amagwinya, mandasi a kuno aja, azizira ndimangokuyang'anani. Ndinapeza ntchito ya mugadeni kwa azungu kumtunda kuja, kudula kapinga ndi makina olira, ine munthu wozolowera chikwakwa. Pambuyo pake ndinaitanitsa agogo anu, tinapeza kachipinda ku Cato Manor, ndipo tinapeza mpingo wa anzathu a kumudzi umene unkapemphera m'galaja.

Koma munthu woyamba kundilankhula Chichewa mumzinda uno sanali wa mpingo. Ndinali nditang'amba buluku, ndiye ndinapita nalo kwa telala wina amene ankasoka pakhonde la sitolo m'tauni, mkulu woonda, tepi ili m'khosi, makina ake opondera ndi phazi. Ndinamuyankhula Chizulu changa chopunduka. Iye anatembenuza bulukulo, nayang'ana chigamba chakale chimene agogo anu anasoka pamanja, nanena chapansipansi osadzutsa mutu:

"Chigamba ichi chinasokedwa ku Malawi. Kwanu n'kuti, achimwene?"

Amenewo ndiwo a Mbewe, a ku Kasungu. Anali mtchona, ndiye kuti munthu amene anachoka kwawo kalekale n'kukhaliratu, osabwerera, osalemba kalata. Ankachita lendi kachipinda ka kuseri kwa mayi wina wa Chizulu, MaDlamini, kufupi ndi kwathu. Mkazi analibe, mwana sitinamuonepo. Mowa ankamwa, sindingakubisireni. Ndinawalalikira zaka zambiri, ndikuwauza za nkhosa yosochera ndi za mwana amene anabwerera kwa atate wake, iwo akupalasa makina.

"A Banda," ankatero, "ine ndi Mulungu tinagwirizana kuti tisamavutitsane."

"Chigwirizano chimenecho anasayina ndinu nokha, a Mbewe."

"Ndiye mukamuuze abwere tikambirane. Koma abwere Lolemba, Loweruka makasitomala amachuluka."

Komabe mabulauzi onse oyera a amayi a mumpingo wathu anasoka ndi iwowo, ndipo mtengo ankatchula ndi amayiwo. Iwe Mphatso, kabudula wako woyamba wa sukulu anatuluka pa makina amenewo.

Nyengo yozizira ina anayamba kutsokomola. Anawagoneka kuchipatala cha boma, ndinakawaona, ndinawapempherera, ndipo ulendo umenewo sanaseke. M'mawa wina MaDlamini anafika pakhomo pathu atafunda tyali, naima osalowa. Anati telala wanu wapita.

M'kachipinda kawo tinapezamo nambala ya mwana wa mlongo wawo, dzina lake Mavuto. Ndinaimba. Ndinayamba monga timayambira, kuti kuno kwagwa zovuta, amalume anu atisiya. Ndinkadikira kumva kulira kumbali inayo. Amene analira ndi tambala yekha, patali.

"Amalume amenewo ife tinawalira kale," anatero Mavuto. "Amayi anadwala mpaka kumwalira osalandira ngakhale sopo wochokera ku Joni. Ayikeni konko."

"Mwana wanga, ndi magazi anu."

"Abambo, kuno chimanga chatha m'nkhokwe. Ndigulitse chiyani kuti ndinyamule munthu amene sindinamuonepo? Koma ndinamva kuti anali ndi makina osokera. Amenewo musunge, mudzatumize pa basi."

Ndinali ndisanamvepo munthu akukana mtembo. Ndinakulira pa nkhani ya kholo lija limene linalumbiritsa abale ake kuti potuluka m'dziko la ukapolo adzanyamule mafupa ake, ndipo anawanyamuladi chipululu chonse. Koma lero ndimaganiza, Mavuto sanali woipa. Anali ndi njala, ndipo anali ndi chilonda cha amayi ake.

Lamulungu titaweruka ndinaika nkhaniyi pamaso pa mpingo. Tinali ndi bungwe lathu la maliro, losonkherana mwezi ndi mwezi, ndipo wosunga thumba anali a Zimba, bambo ogwira ntchito ku fakitale ku Prospecton, olankhula modekha. Anati thumba langokhutulidwa kumene potumiza kumudzi mtembo wa mayi wina wachitsikana amene anasiya khanda, komanso a Mbewe sanali m'bungwe. Palibe anatsutsa, chifukwa zinali zoona. Wina ananena kuti munthu wopanda m'bale amaikidwa ndi akhonsolo kwaulere. Tinapumira m'mwamba. Tinagwirizana kuti aike akhonsolowo, koma ife tipite tikawasambitse, tikawaveke, tikafunse tsiku, kuti tidzawaperekeze ndi nyimbo. Mwachidule, tikhale adzukulu.

Tinanyamuka ine ndi agogo anu, beseni, sopo ndi thaulo zili m'chikwama, pamodzi ndi suti imene a Mbewe anadzisokera okha osaivalapo. Kunyumba yachisoni, kumene amasunga mitembo, tinapeza mayi wa magalasi atakhala kuseri kwa zenera. Anandifunsa m'Chizulu kuti ndife ndani kwa womwalirayo. Ine ndinali nditamva mawu oti abazukulu kuyambira chaka chimene ndinafika, ndipo ndinkakondwa kuti Azulu ali ndi mawu ofanana ndi athu. Ndinayankha molimba mtima:

"Singabazukulu."

Mayi uja anatsitsa magalasi, nayang'ana imvi zanga, nayang'ana agogo anu.

"Hawu, baba. Umzukulu onezimvu?" Mdzukulu waimvi.

Ndinaseka naye, ndikuganiza kuti akudabwa kuti nkhalamba ngati ine ingakumbe bwanji manda. Ndinati yebo, ntchito imeneyi ndinayamba ndili mnyamata. Iye analemba. Atatha anati chabwino, mupeze kampani ya maliro idzawatenge agogo anuwo, musachedwe, malo m'firiji ndi ochepa.

Ndinati ayi, aika ndi akhonsolo.

Anati akhonsolo amaika amene alibe m'bale, inu mwanena nokha kuti ndinu adzukulu ake. Anawonjeza kuti thandizo la mabanja osauka lilipo, koma limafuna mapepala, ndipo a Mbewe pasipoti yawo inatha ntchito kalekale.

Agogo anu anandikoka jekete. "Bambo a Esnati, mwanena chiyani kwa mayiwa?"

Tinali kale mu takisi, beseni lili pamiyendo losagwiritsidwa ntchito, pamene mutu wanga unatseguka. Kwa Azulu mawu aja ali ndi tanthauzo limodzi lokha. Ndinalowa muja ndili wokumba manda, ndinatuluka ndili mwini maliro.

A Zimba atamva anaseka mpaka kupukuta maso. "A Banda, mwakula ndithu. Agogo anu a Mbewe." Atatha kuseka anati, "Nkhaniyi ndi yaing'ono. Bwererani mukanene kuti lilime linaterereka. Mukangoti si m'bale wanu, afufuta."

Ndinabwerera ndekha. Mayi wa magalasi uja anandizindikira. Ndisananene chimene ndinadzera, ndinafunsa kaye kuti akhonsolo akamaika munthu zimayenda bwanji, kuti tidziwe tsiku lobwera ndi nyimbo.

Anandifotokozera mosabisa. Anati wopanda m'bale amakhala m'firiji mpaka nthawi yofufuza abale ithe, ndipo imatha kukhala miyezi. Akachuluka, galimoto imabwera kudzawatenga pamodzi. Tsiku sauza munthu, chifukwa palibe womuuza. Amawaika m'mabokosi a matabwa opyapyala, wina pamwamba pa mnzake m'dzenje limodzi, ndipo pamwamba pake amazika kachitsulo ka nambala. Anatinso popeza malo a manda akutha mumzinda muno, kukumveka zoti mwina adzayamba kuwatentha.

"Nanga wopemphera?" ndinafunsa.

"Akekho, baba." Palibe.

"Woimba nyimbo?"

Anapukusa mutu.

Ana inu, ine ndinakumba manda ambiri, ndinanyamula mitembo ya anthu ofa ndi matenda oopsa, sindinanjenjemerepo. Koma tsiku limenelo ndinachita kugwira khoma. Ndinkaganiza kuti kwaulere ndiye kuti boma ligula bokosi, ife n'kuchita zotsalazo. Sindinkadziwa kuti pansi pa thambo pali malo amene munthu wolengedwa m'chifanizo cha Mulungu amalowa m'nthaka popanda ngakhale mmodzi wovula chipewa. Kwathu ngakhale wamisala wongofera pamsika tinkamuimbira. Mumzinda uno wa magetsi ndi misewu yodutsana m'mwamba, zimenezi zinkachitika, ine ndikudula kapinga osadziwa.

Mayi uja anatenga cholembera. Anati, "Ndiye nenani, baba. Nenani kuti si m'bale wanu ndipo abale ake simukuwadziwa. Ndifufuta."

Anali mawu ochepa, ndipo anali oona. Koma ndinakumbukira wophunzira wa Ambuye uja amene ankaotha moto pabwalo, mtsikana atamuloza kuti nawenso unali naye, iye n'kunena kuti munthuyo sindimudziwa. Ndinakhala ndikumuweruza munthu ameneyo moyo wanga wonse, ndikulalikira za iye pa maulaliki a m'makomo. Tsopano cholembera chinali m'mwamba, chikudikira ine. Ndinaganizanso za lendi, za fizi yanu ya sukulu, za ntchito yanga yoti bwana akangosamuka yatha. Zonsezo zinali zoona nazonso.

Ndinati, "Musafufute."

Anaika cholembera pansi. Anati, "Ndinadziwa tsiku lomwe lija kuti simuli mdzukulu wake. Inu ndi iye mukanatha kuyamwa bere limodzi. Koma munabwera ndi beseni. Ine ndatopa kuona anthu akutulukira khomo lakuseri."

Nditafika kunyumba agogo anu anali akusita. Ndinawauza. Sanasiye kusita, anatembenuza malaya, nawongola kolala.

"Ndiye mwatigulira maliro."

"Ndatero, mayi a Esnati."

"Anthu amagula firiji, ena amagula wailesi." Anapachika malayawo. "Chabwino. Mawa mupite kwa a kampaniwo mukamve. Koma musakayankhulenso Chizulu, mungakabwereko muli mkazi wake."

Ku kampani ya maliro ndinadabwanso kachiwiri. Chilichonse chinali ndi mtengo wake. Bokosi, galimoto, kusambitsa, tsiku lililonse la m'firiji, mipando, tenti, ngakhale nsalu yobiriwira yoyala m'mbali mwa dzenje. Dzenje lenilenilo nalonso linali logula. Ndinafunsa ngati tingakumbe tokha, ndinati makasu tipeza. Mnyamata wa tayi uja anaganiza kuti ndikuseka. Anati amakumba ndi makina. Ndinachotsa tenti, ndinachotsa mipando, ndinachotsa nsalu yobiriwira. Ndinasankha tsiku la pakati pa sabata chifukwa Loweruka n'lodula. Anandiuza kuti pali manda otchipa kunja kwa mzinda, ndinavomera msanga osafunsa chimene chinawatchipitsa.

Kenako tinayamba kuyenda ndi mbale. Kwathu chipepeso chimabwera chokha, anthu amachiponya m'mbale akafika pamaliro. Kuno tinkachisaka. Agogo anu anapita kokwerera mabasi a ku Malawi, kumene amayi a geni amamanga mabelo awo a nsapato ndi mabulangete, ndipo ankayenda mmodzimmodzi akunong'ona kuti telala wa pakhonde uja watisiya. Ena ankamasula mfundo ya chitenje osafunsa kanthu. Wina anati, "Amene uja anandionongera nsalu ya ukwati," n'kuponyabe. Matelala anzawo anasonkha. A mumpingo anasonkha aliyense payekha, popeza thumba linali lopanda kanthu. Abwana anga anandipatsa kenakake, n'kundiuza kuti pepani ndi imfa ya agogo anu, ndipo sindinawakonze. Tinaphatikiza ndi kathu kamene tinkasungira ulendo wa kumudzi. Sizinakwane, ndipo firiji inkadya tsiku ndi tsiku.

Tinakumana pabwalo la MaDlamini, ine, agogo anu ndi a Zimba. Chitseko cha a Mbewe chinali chotsegula, makina ali pakona atafundidwa nsalu. Tonse tinkawaona, palibe ankawatchula. Kwathu katundu wa womwalira sakhudzidwa mwini wake asanagone m'manda, ndipo ngakhale atagona, amagawa ndi abale patapita nthawi. Kugulitsa chinthu cha munthu iye adakali pamtunda, ndi zimene amachita afiti ndi akuba.

MaDlamini ndiye ananena. "Umshini lo, ngokabani?" Makinawa ndi a ndani?

Ndinati ndi a Mbewe, koma mphwawo wa ku Kasungu wawaitanitsa.

"Amene wakana mtembo uja? Akufuna makina, sakufuna mwini makina?" Anaseka kumodzi kouma. Anati bamboyu anapalasa makina amenewa moyo wake wonse kuti adye ndi kupeza pogona, musiyeni awapalase komaliza apeze pogona.

A Zimba anati, "Ine sindingawanyamule."

"Ndinyamula ndine," anatero MaDlamini. "Miyambo yanu sindiidziwa, sindigwidwa nayo."

Sindinafune kuchita mobisa, ndiye ndinamuimbira Mavuto. Anakalipa. Anatitcha mbava za ku Joni, anati tikudyera pa mtembo. Ndinamulola amalize. Kenako ndinamuuza zonse zimene mayi wa magalasi anandiuza, za dzenje limodzi, za kachitsulo ka nambala.

"Ndiye mukaika," anatero Mavuto, "mudzandijambulireko mandawo. Ndikaonetse pa manda a amayi."

Makinawo anagula telala wa ku Congo amene ankasoka pafupi ndi a Mbewe. Sananenerere mtengo, chinthu chimene mumsewu umenewo sichinachitikepo. Pomwe MaDlamini ankawatulutsa atasenza pamutu, ine ndinatembenukira kukhoma. Mpaka lero sindidziwa ngati tinalakwa. Ndinapempha chikhululukiro usanafike Mgonero wotsatira, kuti ngati linali tchimo lisakhale pa MaDlamini.

Ndiye Thoko, amene analipira ndi amenewa: amayi a mabelo, matelala, mzimayi amene anaonongeredwa nsalu, agogo ako amene sanapite kukaona amayi awo chaka chimenecho, ndi a Mbewe eni ake. Panalibe wolemera ngakhale mmodzi. M'Malemba muli munthu wachuma amene anapereka manda ake atsopano kuti agonemo Ambuye wathu, ndipo ndinamudikira munthu wotereyo masiku onsewo. Kwa ife sanabwere.

Mandawo anali kutali, paphiri lopanda mtengo, mphepo ikuwomba kuchokera kunyanja. Tinali ochepa chifukwa linali tsiku la ntchito. Amayi anavala mabulauzi awo oyera aja. A Zimba anapempha tchuthi ku fakitale, nabwera atanyamula mtanda wa matabwa umene anakhoma okha, dzina la a Mbewe atalilemba ndi penti yakuda. Bokosi tinanyamula tokha kuchokera pa galimoto, ndinakana kangolo kawo ka matayala.

Titafika padzenje ndinasuzumira, monga amachitira aliyense amene anakumbapo. Linali losazama. Munthu ataimamo, mapewa akanaonekera. Ndinaitana bambo wa ovolosi amene ankayang'anira pamenepo, ndinamufunsa ngati makina anawonongeka asanamalize.

Anati ayi, dzenje latha. Pansipo pali munthu kale.

Ndinaganiza kuti sindinamve bwino Chizulu, popeza chinali chitandipusitsa kale. Ndinamuitana MaDlamini kuti amve ndi iye. Bamboyo anabwereza. Anati manda otchipa ndi otero, amagawana. Wapansiyo ndi mmodzi mwa anthu a khonsolo, anabwera naye pa galimoto chaka chatha.

Nyimbo imene amayi ankaimba inazima yokha. Amayi anabwerera m'mbuyo, ena atagwira pakamwa. Tinathamanga mzinda wonse, tinagulitsa makina a munthu ali pamtunda, kuti a Mbewe asasanjikizidwe ngati matumba, ndipo tinali titawagulira chomwecho. Zingwe zinali kale pansi pa bokosi. Ndalama zina kunalibe. A galimoto ankayang'ana wotchi.

A Zimba anandiyandikira. "A Banda, titani? Inu ndinu eni maliro."

Ndinkayang'ana dothi la pansi pa dzenjelo, losalala, lopondedwa.

MaDlamini anafunsa bambo wa ovolosi uja dzina la wapansiyo. Anati dzina palibe. Anafunsa ngati anali mwamuna kapena mkazi. Anati sakudziwa, anabwera ambiri tsiku limenelo. Anafunsa ngati kunabwera munthu. Bamboyo anangoyang'ana kumbali.

Agogo anu ndiwo anayamba kusuntha. Anabwera kudzaima m'mphepete mwenimweni mwa dzenje, nakonza mpango wawo.

"Ndiye maliro ndi awiri," anatero. "Amayi, nyimbo ija tiyambirenso poyamba. Ija inali ya a Mbewe."

Anaiyamba okha, ndipo amayi analowa mmodzimmodzi. Bambo wa ovolosi anavula chipewa chake. Nyimbo itatha ndinafunika kupemphera, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinapereka kwa Mulungu munthu amene sindinkadziwa dzina lake, dziko lake, ngakhale chipembedzo chake. Ndinati, Ambuye, uyu amayi ake anamutcha dzina, ife sitilidziwa, Inu mukulidziwa. Tachedwa, koma tabwera. Kenako tinatsitsa a Mbewe pang'onopang'ono, ndipo ndinauza anyamata a zingwe kuti asagunditse, pansipo pagona munthu.

Makina okwirira tinawakana. Tinabwereka mafosholo, tinakwirira tokha, mpaka MaDlamini anagwirako, chinthu chimene kwathu mkazi sachita. Titaumba mtumbira, a Zimba anatenga mtanda wawo kuti azike, n'kuima nawo m'manja. Anauyang'ana, nafunsa ngati wina ali ndi cholembera. Telala wa ku Congo uja anatulutsa choko chake cholembera nsalu. A Zimba anagwada, anaika mtandawo pabondo, ndipo pansi pa dzina la a Mbewe analemba kuti: ndi mnzawo.